Mbewu ndi Mbewa

Desiki yanga ili pakona,
pakati pa makina okopera mapepala ndi chitseko cha kuchimbudzi.
Aliyense amadutsa pamenepa,
ndiye sindinganame kuti sandiona.
Amandiona monga muonera msomali wokolekapo jekete.

Kwathu ndine NyaHarawa,
koma muofesi muno anandipatsa lina: Mayi Mpumiro.
Anayambitsa ndi Vinjeru wojambula,
tsiku lomwe ndinamubwezera ntchito katatu
chifukwa cha kadontho kamodzi.
Onse anaseka. Nanenso ndinaseka,
poti lendi ku Chibavi salipira ndi mkwiyo.

Akadzitsekera m'chipinda cha magalasi
kukaphika nzeru zotsatsira malonda,
ine sandiitana.
Ndimangomva kuwomba m'manja
ndi fungo la khofi wa ku Misuku likukwawa pansi pa chitseko.
Kenako dzuwa litapendeka
pepala limatera pamaso panga likadali lotentha:
"Mungoponyapo diso, mayi,
osindikiza atseka posachedwa."

Kuponya diso!
Ngati kuti ndi mwala.

Cholembera changa chofiira amachiopa ngati jakisoni.
Atusaye amati ndimapha mawu ake akadali makanda,
kuti chiganizo chikadutsa m'manja mwanga
chimatuluka chitavala yunifolomu.
Mwina nthawi zina amanena zoona.
Ndinachotsapo nthabwala yake ina
yomwe ndikaikumbuka pano ndimaseka ndekha m'bafa.

Ndiye kunabwera ntchito ya kampani ya mbewu,
mvula ili pafupi, alimi akunola makasu.
Lachisanu limenelo ndinali ku Ekwendeni,
kuika m'manda mlamu wanga.
Iwo anati: mawu ake ndi asanu okha,
tidikirirenji munthu wa timadontho?

Lolemba m'mawa, nkhungu isanachoke,
ndili pa sakaramento, chikwama pamiyendo,
tikufika pa Katoto
mnyamata wopalasa anayamba kugwedezeka mapewa,
njinga nkumapita uku ndi uku.
Ndinati wadwala. Ayi, amaseka.
Analoza m'mwamba ndi chibwano.
Zilembo zofiira, chilichonse kutalika ngati mwana wa sitandade wani:

MBEWA ZATHU ZIDZADZAZA NKHOKWE YANU

Pansi pake mlimi wojambulidwa akumwetulira mano onse.
Amayi ogulitsa nthochi anali atasiya malonda,
wina akuwerengera mnzake mokweza.

Tsiku limenelo ndinalowa m'chipinda cha magalasi koyamba.
Mipando yake ndi yofewa, ndinadabwa.
A Msowoya sanandipatse khofi.
"Kodi mayi, ntchito yanu kwenikweni ndi yotani?"
Ndinati pepalalo silinafike kwa ine.
"Vuto lake ndi limenelo. Munali kuti?"
Vinjeru ankayang'ana nsapato zake.
Atusaye ankafufuza china chake m'foni
chomwe sichinkapezeka.

Ndinafuna kuwauza za zaka zisanu ndi ziwiri
zomwe ndakhala ndikutchera misampha pakona paja:
mtengo wa simenti womwe unasowa ziro mmodzi,
nambala ya foni ya sitolo yomwe inali ya kumotchale,
dzina la mwini hotela lomwe likanasanduka chitukwano m'Chitumbuka.
Zonsezo zinafera pa desiki yanga, mwakachetechete.
Koma mbewa yomwe sinalowe m'nkhokwe
ndani amaiwerenga?
Ndinangoti pepani,
mawu omwe ndimadziwa kalembedwe kake bwino lomwe.

Anakamata kachigamba pachikwangwani chija.
Dzuwa likawomba cham'mbali
"a" uja amaonekerabe pansi pa "u",
ngati mchira wotsala kunja kwa una.

Dzulo ndinapeza chitumbuwa pa desiki,
chokulungidwa m'pepala lopanda dzina.
Madzulo Vinjeru anabwera ndi ntchito ina.
Sanaiponye. Anaima, manja kumbuyo,
mpaka ndinamaliza mzere womaliza.
"Zili bwanji, NyaHarawa?"
Ndinamuonetsa mpatuliro wosochera pamzere wachitatu.
Anapumira m'mwamba, nayang'ana wotchi.
Osindikiza anali atatsala pang'ono kutseka.